Likongwe ndi Makasu a Kumanda

Padangokhala. Ofuna kuvomera kuti tili tonse avomere, amene mkamwa muli chimanga azingotafuna, ine ndayamba.

Kalelo nyama zikadalima minda, padziko padali mitundu itatu: a Ubweya, a Nthenga ndi a Mamba. Mfumu ya a Ubweya idali Njati, nkhalamba yokonda tulo, imene milandu yambiri inkaigamula ikusinza. A Nthenga ankamvera Kabawi, a Mamba ankamvera Ng'ona. Sindinganame kuti mitunduyi inkakondana. Koma inkagulana mchere, inkabwerekana mbewu, ndipo maliro akagwa kwina, enawo ankapita kukakhuza.

Wosula zitsulo padziko lonse adali mmodzi, Likongwe. Khasu likabuntha, kaya ndi la Gwape, kaya la Nkhanga, kaya la Chule, linkathera pachipala pake. Chilichonse chotuluka pamenepo ankachidinda kachizindikiro konga mchira wopindika, kuti dziko lidziwe mwini luso. Kuchenjera kwake kudali koti akakupatsa moni mwansangala, unkathamangira kunyumba kukaona ngati nkhokwe idakali yotseka. Chinthu chimodzi chokha ndicho sankachita nacho malonda: mwana wake Kadzuwa. Ana ena onse adapita ali makanda, adatsala yekhayu, ndipo adakula n'kukhala mnyamata wamphamvu amene ankavukuta moto bambo ake akamasula. Adali ndi mawu okoma, moti akayamba kuimba motsata mvukuto, odutsa ankaiwala kumene akupita.

Ndiye kudadza chilala. Mvula itakana koyamba, nyama zidati zimachitika. Itakananso, zidadya mbewu. Itakananso, lichero la mapira limene kale linkagula khasu lidayamba kugula munda wathunthu, mwini munda n'kuthokozanso. Pachipala padazizira, chifukwa palibe amene ankafuna kukonzetsa khasu loti akalimire fumbi.

Tsiku lina amake Kadzuwa adaima chapatali, poti akazi sankafika pachipala.

"Bambo ake a Kadzuwa, mwamuona mwanayu? Nthiti zonse zili pamtunda. Kodi nyundo yanuyo tiiphike?"

"Khasu amagula ndi amene akuyembekezera kukolola," adatero Likongwe. "Ameneyo kulibenso. Tigulitse zina."

"Kwa yani? Anthu atsala ndi chiyani?"

"Mantha. Amenewo nyumba iliyonse ili nawo, ndipo safumbwa."

M'mudzi mwawomo mudali Njiri, wopanda udindo, wopanda mnzake, wodya chogwada koma wolota ena akumugwadira. Kale adaluza mlandu pabwalo: Mpheta zidamudyera mapira, bwalo lidati wolakwa ndi iye chifukwa adagona m'malo moziingitsa. Kuyambira pamenepo akaona nthenga pansi ankailavulira. Likongwe adamupeza akufukula mizu.

"A Njiri, ine miseche sindiikonda. Koma mudayamba mwadzifunsapo kuti mvula imachokera kuti?"

"Kumwamba. Funso lanji limenelo?"

"Nanga mwa ife tonse, amene amafika kumwambako ndani?"

Njiri adasiya kutafuna. Kuganiza kunkamutengera nthawi, ndipo Likongwe adadikira moleza mtima.

"Mbalame," adatero pomaliza.

"Ine sindinatchule munthu. Ndangoona kuti ife kummero kwauma, koma iwo m'mawa uliwonse akuimba. Waludzu amaimba?"

"Ndiye kuti akumwa mitambo isanagwe."

"Mwanena ndinu. Mutu ngati wanuwu ukungowonongeka ndi mizu."

M'mawa mwake Njiri adakwera pachulu n'kuyamba kukuwa kuti a Nthenga amwa mvula ya a Ubweya. Akadakhala masiku a chakudya, akadamuseka n'kumuuza kuti atsike asanathyoke mwendo. Koma wanjala amafuna wina woti amuloze chala, ndipo dzuwa lili kutali, sungalimenye. Adayamba kubwera ochepa, kenako ambiri, kenako mudzi wonse.

Likongwe adathira mchere. Adapeka nyimbo n'kuphunzitsa Kadzuwa kuti azivukutira. Wotsogolera ankafunsa kuti wamwa mtambo ndani, ovomera ankaloza a mapiko, ndiye onse pamodzi ankaitana aliyense kuti abwere ndi chitsulo chake, n'kuponda pansi mwamphamvu monga umapumira mvukuto. Nyimboyo idali yomata. Amayi ankasinjira gaga, ana ankasewerera, ndipo Njati yemwe ankaing'ung'udza m'tulo.

Pasanapite nthawi, Njiri adakana kutchedwa Njiri chabe. Adati iye ndi Mlonda wa Mitambo. Adapita ndi gulu lake kwa Njati kukapempha ndodo ya ufumu, ati angoisunga mpaka mvula itabwera. Njati adali akusinza. Mutu udagwa n'kudzuka, ndipo onse adachitira umboni kuti mfumu yavomera.

"Bwana Mlonda," adatero Likongwe akuwomba m'manja, "mlonda wopanda mkondo amalonda ndi chiyani?"

"Chitsulo tichipeza kuti?"

"Makasu akutha ali mbwee kuseri kwa nyumba. Dzimbiri likungowadya."

Njiri adalamula, makasu akutha adasonkhanitsidwa. Adatsegulanso nkhokwe ya mfumu, imene inkasunga mbewu ya tsiku loipa. Momwemo ndimo mudachokera malipiro a wosula, ndi phala la aliyense wonyamula mkondo. Anyamata adabwera chothamanga, ena osafunsa n'komwe kuti mdani ndani. Likongwe adapempha chinthu chimodzi chokha.

"Wovukuta wanga asakhudzidwe. Mvukuto ukaima, mikondo yaima."

"Sakhudzidwa," adatero Njiri.

Chipala chidayakanso, nyimbo idamveka mpaka kutsidya, ndipo masaya a Kadzuwa adabwerera. Likongwe akamuona akunyambita mbale, mtima wake unkakhala pansi.

Koma wochenjera sakhuta pakhomo limodzi. Likongwe adakulunga mkondo pamphasa, nsonga adaisiya dala poonekera, n'kukadutsa pakhomo pa Kabawi.

"A Likongwe, mwanyamula chiyani?"

"Pepani mfumu, musayang'ane. Ndi katundu wa eni."

"Eni ake ndani? Khasu lotere limalima munda wanji?"

"Ine ndimangosula. Koma ndamva kuti limalima m'mwamba."

Kabawi nthenga zidaima.

"Ndiye akutinena ife kuti tamwa mvula?"

"Wakuba amafulumira kuloza ena, mfumu. Ine ndangoona kuti a Ubweya onse ndi okumba mauna. Akubisa chiyani pansipo? Madzi adapita kuti?"

Kabawi adaitanitsa mivi. Likongwe adamusiyiranso nyimbo ija yaulere, atangosintha mawu angapo: tsopano inkafunsa kuti wabisa madzi ndani, ovomera n'kuloza okumba mauna. Kuponda pansi kudali komweko.

Kwa Ng'ona sadavutike n'kutenga mphasa.

"Mfumu, awiriwa akamaliza kumenyana adzamva ludzu. Madzi atsala pati?"

Ng'ona adatsegula diso limodzi, adayang'ana dziwe lake, n'kuitanitsa nthungo zangowe. Nyimbo adailandiranso, yokhala ndi adani awiri.

Amake Kadzuwa ataona malichero akulowa kuchokera mbali zonse, sadakondwere.

"Inu, mukutentha tchire muli pakati pake."

"Nkhondo sikhalako. Nkhondo imapha ogula. Ine ndikungofuna aziopana, ngati agalu ouwana mpanda uli pakati."

"Mpandawo ukagwa?"

"Moto ndimaudziwa ine, amake mwana. Ukasiya kuvukuta, umazima."

Makasu akutha adatha. Likongwe adayendanso ulendo wake. Kwa Njiri adanong'oneza kuti mivi ya Kabawi yachuluka kuposa mikondo. Kwa Kabawi adanong'oneza kuti mikondo yatsopano imafika pachisa. Kwa Ng'ona adangopukusa mutu momumvera chisoni, ndipo zimenezo zidakwana. Mafumu onse atatu adalamula kuti makasu olimira, nkhwangwa ndi zikwakwa zipite kuchipala. Wina atafunsa kuti nanga mvula ikabwera tidzalimira chiyani, Njiri adati tidzalanda makasu a mbalame tikapambana. Tsiku lomwelo Kabawi ankauza anthu ake kuti adzalanda makasu a a Ubweya, ndipo Ng'ona ankalonjeza kulanda a onse awiri.

Nthawi yomweyo Njiri adakumbukira kuti m'midzi ya a Ubweya mudali ena a nthenga, okhala pansi kuyambira makolo awo: Nkhanga, Zinziri, Nkhwali. Ena mwa iwo kuuluka kwawo kunkathera padenga la nkhokwe, koma adauzidwa kuti ndi akazitape a mitambo. Adawagwetsera nyumba. Mleme adathamangitsidwa kuno chifukwa cha mapiko, atafika kwa Kabawi adathamangitsidwanso chifukwa cha ubweya. Amene adatsogolera nyimbo pogwetsa nyumba ya Nkhwali adali Kadzuwa. Nkhwaliyo ndiye adali mzamba tsiku limene Kadzuwa ankabadwa.

Amake Kadzuwa adalira, kenako adatenga khasu lawo n'kulibisa muudzu wa denga. Lidali la malemu amayi awo. Anyamata a Njiri atabwera kudzafufuza, Likongwe adawasekerera n'kuwauza kuti m'nyumba ya wosula simungatsale chitsulo. Anyamatawo adatsala pang'ono kutuluka pamene Kadzuwa adakwera pamtondo n'kusolola khasulo.

"Kadzuwa, mwana wanga, limenelo ndi la agogo ako."

"Amayi, agogo akadakhala moyo akadalipereka okha. Mukufuna mbalame zitimalize?"

Likongwe adayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako adaseka, poti anthu adalipo, ndipo khasulo adalisula tsiku lomwelo.

Zitsulo zimenezonso zidatha. Padziko lonse padatsala makasu a mtundu umodzi, a adzukulu, okumba manda. Makasu amenewa sankalima munda ndipo sankalowa m'nyumba. Akaika maliro, adzukulu ankawatsuka n'kuwapachika pamtengo kumanda, ndipo ngakhale mbala yotheratu sinkawakhudza. Mkulu wa adzukulu kwa a Ubweya adali Fuko, wanthabwala monga amakhalira adzukulu onse. Likongwe adapita kwa iye ndi dengu la mapira.

"A Fuko, makasu ajawa akungokhala. Anthu masiku ano akuikidwa pang'onopang'ono, limodzi lingakukwanireni."

"A Likongwe, inu ndinu anzeru, tandiuzani. Mikondo mukusulayo ndi yokandira pamsana?"

"Ndi yoopsezera basi."

"Ikadzatopa n'kuopseza, otopa tidzakhala ife. Mutiwonjezere makasu, osati kutichotsera. Dengulo bwererani nalo, ndipo mudye bwino, poti ndimakonda kuika anthu onenepa."

Likongwe adaseka nawo, adanyamula dengu lake, n'kulunjika kwa Njiri.

"Bwana Mlonda, ndifunse nawo. Ankhondo anuwa adzafa?"

"Wanena zimenezo ndani?"

"Ndi pakamwa palibe wanena. Koma kumanda kwapachikidwa makasu, akudikira. Akudikira yani? Mbalame siziikidwa kwathu kuno."

Njiri adakwera pachulu thovu lili kukamwa. Adalengeza kuti wa Ubweya sadzafa pankhondo, ndipo wosunga khasu la kumanda ndi mfiti yolosera anzake imfa. Adaletsa ngakhale mawu akuti maliro. Wina akadzagwa, azidzanenedwa kuti akupuma. Anyamata adathamangira kumanda akuimba za amene wamwa mtambo, akuponda pansi. Fuko adakakamira mpini, anyamatawo adamumenya kumaso mpaka adausiya. Bodza lomwelo lidagwiranso ntchito kwa Kabawi ndi kwa Ng'ona, chifukwa mafumu onse atatu ankadana ndi kuuzidwa kuti anthu awo amafa.

Madzulo a tsikulo Likongwe adafika kunyumba akuseka yekha.

"Amake mwana, chitsulo cha makasu a Fuko n'chabwino kwambiri, sichinakhudzepo mwala wa m'munda. Njiri ndamupatsa zotsalira za zikwakwa. Chabwinocho ndasulira mivi ya Kabawi, amalipira bwino."

Amake Kadzuwa adangomuyang'ana, n'kutuluka panja.

Apa ndi pamene wochenjera adadzitchera yekha. Chitsulo chitatha padziko, mvukuto udagona. Mvukuto utagona, padalibenso chifukwa chosungira wovukuta. Tsiku lina m'mawa Likongwe adapeza Kadzuwa akunola mkondo.

"Umenewo ukupita nawo kuti?"

"A Mlonda andipatsa udindo, bambo. Ndizitsogolera nyimbo kutsogolo kwa ankhondo."

"Kutsogolo?"

"Nanga nyimbo amatsogolera ali kumbuyo?"

Likongwe adamukokera kuseri kwa chipala. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adafuna kuti wina amukhulupirire.

"Mwana wanga, tamvera. Mbalame sizimwa mitambo. Zimamwa pachithaphwi ngati iwe ndi ine. Nkhani imeneyi ndidaipeka ine, Njiri ndidamuika m'kamwa ine. Nyimboyo ndidaipeka nditakhala pamwala uwu. Kwa Kabawi akuimba yomweyi."

"Mudaipekeranji?"

"Kuti iwe udye."

Kadzuwa adamumvera chisoni bambo ake.

"A Mlonda adatichenjeza kuti nthawi ikayandikira, ena adzanena zimenezi. Adati ena adzakhala a m'nyumba mwathu momwe. Sindikakunenezani, bambo, poti ndinu bambo anga. Koma musabwerezenso."

"Ndikuti ndidaipeka ine."

"Chinthu chimene dziko lonse likudziwa mungapeke bwanji inu nokha?"

Likongwe, amene adanamiza mafumu atatu osatuluka thukuta, adamusiya mwanayo pomwepo. Adathamangira kwa Njiri kukamuuza kuti mbalame zachita mantha, zikufuna mtendere. Njiri adati ngati zachita mantha ndiye nthawi yabwino yozimenya. Adathamangira kwa Kabawi kukamuuza kuti a Ubweya afooka, sangamenye nkhondo. Kabawi adathokoza chifukwa cha uthenga wabwino n'kuuza anyamata ake akunge mauta. Likongwe adali atasiya kuvukuta, koma moto sudamufunsenso.

Ndiye kudabwera mtambo, wakuda, wolemera, woyamba chiyambire chilala. Anamzeze adatuluka n'kumauluka uku ndi uku monga amachitira nthawi zonse mvula ikayandikira.

"Si awo!" adakuwa Njiri. "Akukamwa!"

Kadzuwa adayambitsa nyimbo, gulu lidavomera, lidaponda pansi, mikondo idauluka. Namzeze mmodzi adagwa. Mkondo wina udaphonya n'kukagwera m'dziwe, pamsana pa mkazi wa Ng'ona. Mivi ya Kabawi idatsika, nthungo za Ng'ona zidatuluka m'madzi, ndipo mvula idayamba kugwa popanda woiyang'ana.

Nkhondoyo idakoka aliyense. Tsekwe adalowa chifukwa adali pachibale ndi a Mamba, Katumbu adalowa chifukwa Tsekwe walowa, Mvuu adamenyana ndi mbali zonse poti sankadziwa kuti iye ndi wa kuti. Nyama za kutali zimene sizidamvepo dzina la Njiri zidalandira uthenga wakuti msuweni wa mlamu wawo walasidwa, nazo zidanyamuka. Kamba adafika mochedwa koma adapezabe womenyana naye. Mvula idagwa yokwanira, chaka chimenecho ndi chotsatira, pa minda yopanda mzere. Namsongole yekha ndiye adakolola. Amene sadalowe mbali iliyonse adali Miimba, ndipo idanenepa mpaka kuuluka kunkaivuta.

Kadzuwa adagwa m'chilimwe, nthaka itauma gwa. Amene adamubweretsa adali Nkhwali. Adamupeza kuthengo kumene Nkhwaliyo ankabisala chichokereni m'mudzi, adamuika pamphasa n'kumukoka mpaka pakhomo.

"Ndidamulandira ndine," adauza amake Kadzuwa. "Ndati ndimubweretsenso ndine."

Pachifuwa padali muvi. Amake adauzula, adaupukuta, adaona kamchira kopindika. Miimba idali itatera kale padenga la chipala.

"Musafulumire, a Likongwe," udatero Muimba wina mwaulemu. "Ife sitili pachangu."

Likongwe adathamangira kwa Fuko. Adamupeza atakhala mumdima, maso atafa chimenyedwere.

"A Fuko, kwathu kwagwa maliro."

"Maliro adaletsedwa. Simunamve?"

"Ndi Kadzuwa. Ndapota nanu, itanani adzukulu. Nkhokwe yanga yonse nditsegula."

Fuko atayankha, nthabwala idali itachoka m'mawu ake.

"Pepani ndithu. Mwanayo ankaimba bwino. Koma adzukulu anga onse akupuma kuthengo, palibe adawaika. Pamtengo paja patsala mipini yokha. Ngati mpini ungakuthandizeni, katengeni."

Adathamangira kwa Njiri. Mlonda wa Mitambo ankalamulira nkhondo ali m'una, atalowa chambuyo, mano okha ali panja.

"Bwana, mkondo umodzi wokha. Ndiusule ukhale khasu, ndiike mwana wanga."

"Mwana wako akupuma. Wa Ubweya safa."

"Wafa, bwana. Ndamugwira, wazizira."

"Ukabwereza mawu amenewo ndikumangitsa. Mkondo kukhala khasu? Tsopano, pamene tatsala pang'ono kupambana?"

Chinthu china chidadutsa m'mwamba, mwina tsamba, ndipo mano aja adalowa m'kati.

Adathamangira kwa Kabawi. Adamupeza phiko limodzi likulendewera.

"Mfumu, chitsulo pang'ono chabe. Mwana wanga walasidwa ndi muvi wanu."

"Ndiye kuti mivi yanu ndi yabwino, sitinaonongere mapira. Muviwo mukaubweze, yatichepera."

Adathamangira kwa Ng'ona. Ng'ona adamvetsera mpaka pamapeto, n'kutsegula maso onse awiri.

"Chitsulo ndilibe, mnzanga. Koma mubwere naye kuno. Ife kuno khasu sitilifuna."

Likongwe adabwerera ali chimanjamanja. Nkhokwe yake idali yodzaza mpaka pakamwa, yokhayo padziko lonse, ndipo sikadagula ngakhale msomali. Miimba idali itatsika padenga, tsopano idakhala pabwalo mozungulira mphasa, mwaulemu ndithu, ngati anthu odzakhuza. Amake Kadzuwa ndi Nkhwali ankaiingitsa ndi nthambi.

"Mwalipeza?" adafunsa amake Kadzuwa.

"Kulibe. Padziko lonse kulibe khasu."

Amake Kadzuwa adamutambasulira dzanja. M'dzanjamo mudali nsonga ya muvi ija, kachitsulo kosaposa chala.

"Mudandiuza nokha mukuseka kuti makasu a Fuko mudasulira mivi ya Kabawi. Nali khasu la adzukulu, labwerera kwawo. Tengani."

"Amake mwana, mwambo sulola. Bambo sakumba manda a mwana wake."

"Mwambo mudauika pamoto. Kumbani."

Adanyamula mphasa kupita kumanda, Miimba ikutsatira pambuyo. Likongwe adagwada pansi pa mtengo wa mipini n'kuyamba kukanda nthaka ndi kachitsulo kaja. Chidali chitsulo chabwino, monga adanenera mwini wake, koma chidasulidwira kuboola chifuwa. Chidapindika, kenako chidathyoka. Adapitiriza ndi zala. Zikhadabo zidang'ambika, magazi adasakanikirana ndi fumbi, dzenje silinkafika n'komwe m'mawondo. Chapatali ankhondo ankadutsa kupita kukamenyana, akufunsa amene wamwa mtambo, akuponda pansi. Wotsogolera watsopanoyo mawu ake adali oipa. Likongwe adazindikira kuti manja ake akukumba motsata nyimboyo, adayesa kusintha, adalephera.

"Pafupika," adatero amake Kadzuwa atasuzumira m'dzenjemo. "Afisi adzamufukula. Kumbanibe."

Mukadzamuona Likongwe akukanda pansi ndi zala, kenako n'kuima ndi miyendo iwiri kuyang'ana kumwamba, musamufunse chimene wataya.

Yathera pamenepo. Mbatata musandifunse, idatsala m'nthaka, poti chokumbira kudalibe.